Musandidikire pa Kumeta Maliro a Malume

Ndirande, Blantyre
18 Ogasiti 1996

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wochokera kuno ku Ndirande. Kodi mukupeza bwanji masiku ano? Nanga mwendo uja unatupa nthawi ya maliro wayamba kuphwa? Mng'ono wanga Efulemu analemba kuti mukukana kupita kuchipatala ku Nkhoma. Chonde pitani, ndipo mapiritsi amene akakupatseni mukamwe onse, osasiyira panjira monga munachitira chaka chatha. Ife kuno tilipo, Enelesi ndi ana omwe, kungoti ine thupi likungokhala lolemera.

Ndikudziwa kuti anthu akundinena kumudziko chifukwa sindinabwere kudzaika amalume. Uthenga ndinaumva pa wailesi, ndipo m'mawa mwake ndinapita kuntchito chikwama chili m'manja, kuti ndikangopempha chilolezo ndikwere basi. Ndikufuna mumve kwa ine mwini zimene zinachitika.

Fakitale yathu ya ndowa inagulidwa chaka chatha ndi kampani ya ku Joni, imenenso akuti eni ake enieni ali ku Ulaya. Anabwera ndi malamulo awo. Limodzi likuti wantchito apite kumaliro a bambo, mayi, mkazi kapena mwana basi. Bwana watsopano, mnyamata wa msinkhu wa Efulemu, anandimvetsera mwaulemu ndithu. Kenaka anati malume si m'bale wapafupi, ndipo anaseka nati atalola zimenezo fakitale ikhoza kutsekedwa, poti Mmalawi aliyense ali ndi amalume khumi. Ndinamufotokozera kuti kwathu malume ndiye mwini mbumba, kuti ndi iwo anagulitsa ng'ombe zawo za pangolo kuti ine ndifike ku koleji, ndi iwonso anandiyankhulira pa ukwati. Anati afunsa ku likulu. Yankho linabwera inu mutaika kale, ndipo linali lokana.

Mayi Zipora, amene amaona za antchito, kwawo ndi ku Nathenje konko, ndipo mwambo wathu amaudziwa bwino. Muofesimo anangoyang'ana pansi. Titatuluka anandinong'oneza kuti ndisadzabwerezenso, chifukwa mabwana akusankha anthu oti atsale, ndipo wopempha tchuthi amamuona ngati wosafuna ntchito.

Sindikukokomeza ayi. Makina aakulu odindira ndowa anawamasula n'kuwatumiza ku Joni, ndipo anthu onse a chigawo chimenecho anawachotsa. Tsopano ndowa zikubwera zopangidwa kale pa malole odzera ku Mwanza, ife timangolumikiza zogwirira. Ine amene ndinaphunzira kukonza makina ndimatha tsiku lonse ndikuthira madzi m'ndowa kuti ndione ngati zikudontha.

Gilibati, mnzanga uja tinabwera naye pa Khirisimasi, anawatsatira makinawo. Analemba kuti akuyendetsa makina omwe aja, koma ngati waganyu wopanda mapepala, ndipo akaona galimoto ya polisi amakabisala kuseri kwa migolo. Akuti kumenekonso eni dziko sakugona, poti amva kuti makinawo asamukanso kupita kwina kumene anthu salira malipiro ambiri. Choncho Efulemu asaganize zobwera kuno kudzafuna ntchito. Ndamva kuti esiteti ija ya ku Mitundu yachotsa matenanti ambiri, koma iye ali ndi dimba, aligwiritsitse.

Tsopano pempho langa. Efulemu akuti akuluakulu akudikira ine kuti mumete maliro, ndiponso kuti andiike pamalo pa amalume ndiziyang'anira mbumba. Ndinaganiza zobwera Loweruka n'kubwerera Lamulungu, koma Loweruka tikuweruka madzulo, ndipo basi ikangofera pa Ntcheu, Lolemba lindipeza ndili panjira. Ndinaganiza zonamizira malungo, koma amafuna kuti akupime dokotala wawo. Ndaitembenuza nkhaniyi mbali zonse mpaka mutu kuwawa. Ndikachotsedwa ntchito, ana anga asiya sukulu, ndipo Masozi, mwana wa achemwali amene ndikumuphunzitsa ku Likuni, abwerera kumudzi asanalembe mayeso.

Ndiye ndikukupemphani kuti musandidikire. Metani. Akazi awo a malume akhala m'maliro nthawi yaitali, ayenera kumasulidwa. Za mbumba, muwauze akuluakulu kuti ine ndavomera aike Efulemu. Ndi mng'ono wanga inde, koma ndi amene ali pafupi. Mbumba singayang'aniridwe ndi munthu amene amadikira chilolezo cha ku Ulaya kuti akaone wodwala. Zandiwawa kulemba mawu amenewa, ndipo ndikudziwa kuti inunso zikuwawani, poti malo amenewa munkayembekeza kuti adzakhala anga.

Chokhacho mundidziwitse tsiku lenileni. Kalata imachedwa, ndiye Efulemu apite ku positi ofesi akaimbe foni ya kuntchito kwanga, nthawi ya nkhomaliro yokha, osati nthawi ina iliyonse. Tsiku limenelo Enelesi adzandimeta mpala pakhonde pano ndisananyamuke kupita kuntchito. Ndafufuza bwinobwino, pamenepo palibe lamulo loletsa.

Mundiperekere moni kwa achemwali ndi alamu, kwa akazi awo a malume ndi asuweni anga onse, kwa Efulemu ndi mkazi wake. Adzukulu anu akuti moni agogo. Mulungu akusungeni.

Ndine mwana wanu,
Bester