Mpando Woyang'ana Kukhoma

Aphungu,

Ndine mnyamata wa Folomu 3. Sindine wolankhulalankhula, ndipo kusukulu ndilibe mnzanga amene ndingamuuze za kunyumba osazimva mawa lake zikuyenda m'kalasi. N'chifukwa chake ndalembera inu. Ndatopa, ndipo Loweruka likubwerali akufuna ndiime pamaso pa anthu ndinene zinthu zimene sindikufuna kunena.

Amayi anga analowa bizinesi ija yogulitsa ufa wa m'zitini, wosungunula m'madzi, umene amati umapatsa mphamvu, umachepetsa thupi komanso umanola mutu. Kungogulitsa sikokwanira. Uyenera kulowetsa anthu ena kuti azigulitsa pansi pako, iwonso alowetse ena, ndiye iwe uzikwera. Amene anawalowetsa ndi amayi aang'ono, mng'ono wawo wa bere limodzi. Kale awiriwa sankasiyana. Ankalukana tsitsi pakhonde, kukangana za zinthu zimene zinachitika ali ana, kenako n'kuseka mpaka misozi. Amayi aang'ono ndi telala, ndipo kunyumba kwawo n'kumene ndinkawerengera, chifukwa kwathu makatoni a zitini analanda tebulo langa. Ndinkakhala pakona, makina akulira, iwo osandifunsa chifukwa chimene ndilibe anzanga. Wina aliyense amandifunsa zimenezo.

Misonkhano ya gululi imachitikira pabalaza pathu Loweruka masana. Ntchito yanga ndi kusesa, kubwereka mipando kwa oyandikana nawo, n'kuiyala mozungulira. Mtsogoleri wawo ndi mayi wina amene onse amamutchula kuti a Daimondi, potengera udindo umene anafikapo. Amanunkhira bwino, amakumbatira aliyense pakhomo, ndipo ine amanditchula kuti bwana wamawa. Ndisaname, poyamba ndinkawakonda. Amayi anali atakhala nthawi yaitali osaseka, ndipo anthuwa anawapatsa chifukwa chotchenera.

Koma poyala mipando munthu amamva zambiri. Ndinayamba kuona mmene amagawira anthu. Amene sanalowe amawatchula kuti ogona. Amene wafunsa funso lovuta ndi wozimitsa moto. Bambo anga amayendetsa thiraki ndipo amabwera mwa apo ndi apo. Tsiku lina anangofunsa kuti nanga zitini zonsezi adzagula ndani, poti aliyense amene timamudziwa akugulitsanso. A Daimondi anamwetulira n'kuuza amayi, bambo ali pomwepo, kuti ozimitsa moto oopsa kwambiri ndi amene timakhala nawo nyumba imodzi. Anthu anaomba m'manja. Kuyambira apo, likawapeza pakhomo Loweruka, bambo amati akukameta, ngakhale mutu wawo ulibe choti n'kumeta. Mayi woyandikana nafe amatulutsa mipando panja ndisanagogode. Anandiuza kuti, "Mipando tenga mwanawe, koma amayi ako ndi zitini zawo usandibweretsere."

Anthu a gululi ali ndi mwambo wawo. Munthu akasiya, amati wagwa. Pamsonkhano wotsatira mpando wake amautembenuza kuti uyang'ane kukhoma, ndipo aliyense amaimirira n'kunena chimene chinamugwetsa munthuyo: ulesi, nsanje, maganizo aumphawi. Akamaliza amamuchotsa pagulu la pafoni, n'kulangizana kuti asamamuyankhe mpaka atabwera yekha kudzapepesa. Wotembenuza mpando ndine, poti woyala ndine. Ndatembenuzapo ya anthu angapo, ndipo ndinkangotembenuza ngati mmene ndimasesera.

Mwezi watha anagwa ndi amayi aang'ono. Sanachite phokoso. Anati atopa kukakamiza anthu kugula ufa akabwera kudzayeza madiresi, ena mpaka anasiya kubwera, ndipo akufuna kubwerera ku makina awo. Anapepesanso kuti analowetsa mkulu wawo. Kupepesako n'kumene kunawawawa kwambiri amayi.

Mpando wa amayi aang'ono si wobwereka. Amavutika ndi msana, choncho anabweretsa wawo kuchokera kunyumba, wathabwa, wokhala ndi kapilo kamene anasoka ndi tizidutswa ta nsalu zotsala. Loweruka lotsatira atagwa, a Daimondi anandikodola. Ndinayang'ana amayi, amayi anayang'ana pansi, ine ndinautembenuza. Mipando ina ikatembenuzidwa, madzulo imabwerera kwa eni ake, nkhani n'kuthera pomwepo. Uwu sungabwerere, chifukwa amayi andiletsa kuponda kwa mng'ono wawo. Uli pabalaza mpaka lero, ukuyang'ana khoma. Timadyera pafupi nawo. Bambo amaulambalala ngati pakhala munthu.

Amayi aang'ono anabwera kamodzi. Amayi anandituma kuti ndikanene kuti kulibe, pamene nsapato zawo zili pakhomo pomwepo. Amayi aang'ono anayang'ana nsapatozo, anayang'ana ine, n'kunena kuti, "Uwauze a kulibewo kuti diresi lawo lija ndinamaliza." Kenako anandifunsa ngati ndikuwerenga. Ndinati eya, koma sindikuwerenga.

Tsopano nkhani ya Loweruka. Kukubwera anthu atsopano, ndipo ena amva kuti mng'ono wa mwini nyumba anasiya, ndiye akukayikira. A Daimondi akuti chofunika ndi umboni wa mwana. Ndinene kuti ufawo wandinola mutu ndipo ndikukhoza bwino, komanso kuti pamene ndinkawerengera kwa amayi aang'ono ndinkawamva akunyoza amayi chifukwa cha nsanje. Zoona zake n'zakuti ndatsika m'kalasi, ufawo umandipotokola m'mimba, ndipo sindinawamvepo amayi aang'ono akunyoza mkulu wawo. Nditawauza amayi zimenezi anati, "Nawenso wayamba kuzimitsa moto? Ndatsala ndi iwe wekha m'nyumba muno." Sanakalipe. Bola akanakalipa.

Pali chinthu chimodzi chimene sindikuchimvetsa. Tsiku lina tinaweruka msanga. Ndinasuzumira pazenera ndisanalowe, monga ndimachitira nthawi zonse kuti ndidziwe ngati muli alendo. Amayi anali okha, atakhala pampando uja mmene ulilimo, nkhope kukhoma, kapilo kali pamiyendo, akuchotsa timaulusi. Nditagogoda anadzuka msanga n'kuyamba kuupukuta. Ndi mpando wokhawo m'nyumba mwathu umene ulibe fumbi.

Ndikakana, amayi achita manyazi pamaso pa gulu lawo, ndipo ndikudziwa dzina limene andipatse. Ndikanena, zikafika kwa amayi aang'ono, ndipo sindidzakhalanso pakona paja. Ndichite chiyani?

T. M. K., wa Folomu 3

Mnyamata iwe,

Bodzalo usanene. Ndayamba ndi limeneli chifukwa pa zonse wafotokozazi ndi lokhalo limene silingakonzeke. Zitini zidzatha, a Daimondi adzapeza balaza lina, koma ukaimirira pamaso pa anthu n'kunena kuti unamva mng'ono akunyoza mkulu wake, ndiye kuti watseka njira imene amayi ako akanadzabwerera nayo kwa m'bale wawo. Akufuna iweyo osati wamkulu wina chifukwa anthu amadziwa kuti mwana wofatsa ngati iwe salankhula zachabe. Akufuna kugulitsa mbiri yako yabwino pamodzi ndi ufawo.

Mpandowo sautembenuzira amene wachoka, poti iye pamsonkhanopo palibe. Amautembenuzira otsala, kuti aliyense aone chimene chikumudikira akadzayerekeza kufunsa. Bizinesi imene imayenda chifukwa cha anthu olowa imaopa munthu wochoka mwamtendere kuposa wotukwana, chifukwa wochoka mwamtendere amaonetsa ena kuti chitseko chimatseguka ndipo kunja kuli moyo. Amayi ako si opusa. Anapeza anthu owaombera m'manja pa nthawi imene anali osungulumwa, ndipo tsopano akudziwa bwino zimene zimanenedwa pampando wa wogwa, chifukwa nawonso anazinenapo za ena. Mantha amenewo ndi amene akuwalankhulitsa.

Kana msanga, usadikire Loweruka. Ukakana pamaso pa gulu, amayi ako adzakakamizika kusankha pakati pa iwe ndi anthu awo aja, ndipo adzasankha mwamanyazi. Uwauze muli awiri, mawu ochepa: kuti umawakonda, kuti sunena zimene sunamve, ndipo kuti sutembenuzanso mpando wa munthu. Za bizinesi usatsutsane nawo, a Daimondi usawanyoze. Mayankho a zimenezo anawaphunzitsa kale, ndipo ukangoyamba uzimva mawu a gulu osati a amayi ako. Akalira, khala nawo, koma usasinthe.

Bambo ako uwauze zonse, ngakhale pafoni, kuphatikizapo za umboniwu. Kumeta kwawo kuja kwakwana. Iyi ndi nkhani ya akuluakulu, ndipo aisiyira mwana wasukulu. Ngati bambowo Loweruka lino kulibe, iweyo yala mipando ngati akutuma, kenako uwauze amayi kuti ukukawerenga, utuluke anthu asanasonkhane. Kusukulu pita kwa mphunzitsi mmodzi amene umamudalira, umuuze kuti kunyumba ulibe powerengera. Sukuyenera kufotokoza zonse kuti akupezere ngodya m'kalasi mukaweruka. Ufawo siya kumwa, ndipo m'mimba mukapitiriza kuvuta, pita kuchipatala.

Chimene wati sukuchimvetsa, ndikuganiza kuti ukuchimvetsa, n'chifukwa chake wandilembera. Munthu sapukuta tsiku ndi tsiku mpando wa munthu amene wamutaya. Amayi ako akumusowa mng'ono wawo, koma alibe chifukwa chimene angapereke kwa gulu, ngakhale kwa iwo eni, choti apitire kumeneko. Iweyo uwapatse chifukwacho. Patapita masiku angapo, mitima itatsika, uwafunse funso wamba: amayi aang'ono akusokera pampando uti, msana wawo uja? Kenako upemphe kuti ukabweze mpandowo kwa mwini wake, poti si wanu, ndipo uwakumbutse kuti kuli diresi lawo limene silingaperekedwe osaliyeza. Kubweza katundu wa mwini si kugwa, ndipo palibe mtsogoleri amene angakuletseni. Usaunyamule mobisa. Akakana, ufunsenso sabata ina, mopanda mkwiyo.

Koma samala ndi izi. Usayembekeze kuti amayi ako asiya bizinesiyi chifukwa choti iwe wakana. Mwina zitenga nthawi, ndipo dzina la wozimitsa moto mwina akupatsadi. Lisakuvute, bambo ako ali nalo kale ndipo akuyenda bwinobwino. Usakhalenso mthenga wonyamula mawu uku ndi uko, zoti awa anati, awo anati. Wanyamulira anthu akuluakulu zokwanira. Tsiku limene amayi ako adzati tiye, iwe udzanyamule mpando, iwo anyamule kapilo. Mukakafika, ukauike pamakina, ukakhale pakona pako n'kutsegula buku. Zotsalazo n'za awiriwo.

Aphungu