Tadala Anaweramitsa Mutu

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno ku Milonde tilipo. Nandolo wachita bwino chaka chino, kalongonda wanu akuberekabe kuseri kwa nyumba, ndipo kwa Esinati kwabadwa mwana wamwamuna. Koma chandikhazika pansi kuti ndilembe ndi nkhani ya mdzukulu wanu Tadala, chitsirizira changa, amene munamusiya akukwawa.

Tadala watsiriza maphunziro a kapangidwe ka mapulogalamu a kompyuta. Kampani ina ya ku Blantyre inamuitana ku intaviyu, pofuna achinyamata oti aphunzire ntchito miyezi ingapo, ndipo wochita bwino adzalembedwe. Anamupatsa funso loti ayankhe pa bolodi, iye n'kuliyankha molondola. Kenaka anamufunsa za pulogalamu imene anapanga, yothandiza alimi kudziwa mitengo ya mbewu m'misika. Poona kuti omufunsawo ndi akuluakulu, anaweramitsa mutu, manja pamiyendo, nanena kuti anzake ndi aphunzitsi ndiwo anamuthandiza. Amayi, pulogalamuyo anaipanga yekha, pa tebulo langa, ine ndikuona ndi maso angawa.

Sabata yatha anamuimbira foni. Akuti nzeru ali nazo koma sadzidalira, chifukwa sanawayang'ane m'maso, ndiponso sanathe kunena chimene iye mwini anachita. Malowo apatsa wina.

Ulemu ausandutsa mlandu. Inu munkati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika, ndiponso kuti mwana woleredwa bwino sayang'ana wamkulu m'maso. Ine ndinamvera. Ku esiteti ya tiyi ndinakhala kalaliki wamng'ono kufikira tsiku lopuma ntchito, ndikuphunzitsa anyamata amene pambuyo pake ankasanduka mabwana anga. Sindinang'ambike, Amayi, pamenepo munanena zoona. Komanso palibe amene anandimva.

Sindikudzudzula inu. Munatilera m'nthawi imene kudzutsa mutu pamaso pa bwana kunkachotsetsa munthu ntchito ndi nyumba ya kampani yomwe. Ndikudzudzula anthu ovala mataye awa, obadwira m'midzi yonga yathu yomweyi, amene amakondwa ana awo akamawagwadira kunyumba, koma mwana wa mnzawo akawalemekeza mu ofesi amamuyesa wopepera. Ngati ankafuna munthu wodzitama, bwanji sananene poyera? Ine ndinapirira zanga ndili chete, koma sindilola kuti mwanayu alandire umphawi wanga ngati cholowa.

Mwezi wa mawa ali ndi intaviyu ina. Ndayamba kumukhazika pampando moyang'anizana nane, ndimamufunsa ngati bwana, ndi kumulamula kuti andiyang'ane m'maso ndi kutchula ntchito yake kuti ndi yake. Dzulo anayesa, misozi inalengeza, nati akumva ngati akunditukwana. Ndinamuuza kuti apitirize.

Mundikhululukire poswa mwambo wanu m'nyumba imene munandisiyira. Ndikulonjeza kuti tikamabwera kudzalambula pamanda panu adzagwada monga mwa nthawi zonse. Koma ku Blantyre adzalowa atadzutsa mutu.

Ndine mwana wanu wokukondani kufikira tidzaonane,

Eliyasi