Tayala Limene Linaguluka Tikukuperekezani

Amayi, kumene muliko mukudzuka bwanji?

Kuno ku Boma kwazizira. Ana a m'kalasi mwanga akulemba manja atabisa m'mikono ya majuzi. Ndikukulemberani m'Chichewa chanu cha ku Kasungu, chija munakana kuchisiya zaka zonse zimene munakhala pakati pa abale a bambo. Chimanga chanu tinakolola. Kumunsi kwa munda kumene madzi anaima sikunatuluke kanthu, koma nkhokwe yafika pakati. Mtedza ndiye wachita bwino chomene, monga amanenera kuno. Mbuzi yanu yamawanga yaswa ana awiri. Buku lanu la nyimbo ndinatenga ine, ndipo sindinapemphe munthu.

Mlamu wanga NyaMoyo, mkazi wa mwana wanu Yotamu, anachira mwezi wa Meyi. Ndi mwana wamkazi, wa mphumi ngati yanu. Anatha mwezi wathunthu wopanda dzina, ndipo kuti mumvetse chifukwa chake ndiyenera kukuuzani za ulendo wanu wotsiriza, poti munalipo koma simunaone.

Lole yaing'ono imene inakunyamulani kuchoka kuchipatala kupita kumudzi inali ya Lameki, mlamu wawo wa bambo aang'ono. Mukumudziwa, uja amanyamula fodya ndi njerwa, amene anamata vesi lalikulu pagalasi lakutsogolo moti msewu amachita kuusuzumira. Tinakwera kumbuyo, amayi a mpingo akuimba, ine ndi NyaMoyo tili kumutu kwa bokosi. Titatsala pang'ono kufika pa Champhira, potsetsereka paja, ndinaona tayala likutipitirira kumanzere, likudumphadumpha lokha ngati lili ndi kwawo. Ndinaliyang'ana ngati chitsiru, n'kumadzifunsa kuti kodi ndi la yani. Kenaka lole inapendama, chitsulo chinakukuta phula, nyimbo inadukira pakati. Bokosi linayamba kutsetsereka. NyaMoyo, ndi mimba yake ya miyezi isanu ndi itatu, anadziponya pamwamba panu n'kukugwirani. Tayalalo linakagumula chigafa cha fodya cha munthu wosalakwa.

Lameki anatsika, anayang'ana pamene panachoka tayala, anatiyang'ana ife, ndipo ndinamuona akuganiza. Munthu ameneyu saganiza kawirikawiri, choncho akayamba zimaonekera pankhope. Anavula chipewa n'kunena kuti, "Mayi awa akukana kupita. M'galimoto muno muli munthu amene sakumufuna."

Bambo aang'ono anawawakha mawuwo asanagwe pansi, poti ndiwo anabweretsa loleyo. Anagogoda pabokosi, anakupepesani m'Chitumbuka, kenaka anafunsa kuti anali nanu ndani masiku otsiriza. Yankho aliyense analidziwa. Amene anakusambitsani miyezi inayi, amene ankagona pansi pa bedi lanu kuchipatala pamene ine ndinkangobwera pa nthawi ya alendo, anali NyaMoyo. Anamutsitsa. Anamuimitsira kabaza kuti atitsatire m'mbuyo, dzanja lake litatupa.

Pamene iye ankatsika, Lameki anali atakweza kale jeke, ndipo ine ndinaona zonse. Mabawuti awiri anali oduka kalekale, zitsa zake zili dzimbiri lokhalokha. Anazungulira matayala atatu otsalawo, kumasula nati imodzi apa, imodzi apo, n'kumangira lija linathawa. Injini inalira, tinanyamuka, ndipo mayi wina pambali panga anapumira m'mwamba nati, "Mbwenu azomera." Ankatanthauza kuti mwavomera, poti mdani wanu watsika.

Ine mphunzitsi, amene munkandiseka kuti ndidzakwatiwa ndi buku, ndinakhala chete. Ndinadziuza kuti pamaliro sakanganirapo. Munkati khasu likaguluka uziyang'ana mpini, osati mnansi wako. Mpiniwo ndinauona ndi maso anga, Amayi, koma pakamwa panga panalemera.

Chichokereni tsiku limenelo, NyaMoyo akafika pamjigo akazi ankasuntha ndowa zawo. Atachira, palibe wa kuchimuna amene anapita kukaona mwana. Bambo aang'ono analamula kuti akatha kukolola abwerere kwawo, ana ake awiri aja atsale poti malowolo anaperekedwa, ndipo wakhandayo adzamubweretse akasiya kuyamwa. Yotamu ku Joni ankangotumiza mawu pafoni akuti zimene anene akuluakulu n'zomwezo. Mwana wanu mukumudziwa. Amalimba mtima pa zithunzi zokha, ataima pambali pa galimoto za eni ake.

Masabata atatu apitawo tayala la Lameki linagulukanso. Ulendo uno ananyamula mabelo a fodya, munalibe maliro. Linalowa pakati pa amayi ogulitsa matimati m'mbali mwa msewu n'kuthyola mwendo wa mmodzi. Ndikuchita manyazi kunena kuti nditamva, chinayamba kundifikira si chisoni. Ndinakwera minibasi kupita kumudzi nditainyamula nkhaniyo ngati chikalata cha kukhoti. Ndinawafotokozera bambo aang'ono za mabawuti oduka ndi manati obwerekana, kenaka ndinawafunsa mwaulemu ngati fodya nayenso amakana kupita. Sanaseke. Anati amenewo ndi NyaMoyo, akubwezera.

Amuna amenewa pogula ng'ombe amaitsegula pakamwa kuwerenga mano. Pogula njinga yakale amaigwedeza, amaiyendetsa, amagogoda sipoko iliyonse. Koma kuwerama n'kuwerenga manati a galimoto imene yanyamula amayi awo ndi ana awo, ayi, pamenepo nzeru zimawathera, amayamba kuona mizimu. Munkanena kuti waulesi sasowa mfiti. Ndinkayesa mukunena za anthu amene salima.

Ndiye za manati ndinazisiya. Mukudziwa kuti kuno dzina limachokera kuchimuna, ndipo ine ndine azakhali ake a mwanayo. Lamlungu titatuluka m'tchalitchi ndinamunyamula, ndinapita naye pakhonde la bambo aang'ono pamene panali anthu, n'kunena kuti, "Uyu ndi Elube. Ngati amayi anamukana mlamu wanga, akanenso dzina lawo pa mwana wake."

Paja amati mwana akapatsidwa dzina limene mwini wake sanalole, amalira osaleka mpaka alisinthe. Ine zimenezo sindizikhulupirira, koma m'mimba mwa khanda simudziwika, ndipo akanalira basi NyaMoyo akanapita. Masiku atatu akazi ankasinthana kudutsa pakhomo, wina wapempha mchere, wina akufuna nkhuku yake yosochera, onse makutu ali tcheru. Elube ankayamwa, kugeya, n'kugona. Tsiku lachinayi mkazi wa bambo aang'ono, mlongo wake wa Lameki yemweyo, anabwera ndi sopo ndi kansalu, nati mwanayu ndi agogo ake enieni. Bambo aang'ono tsopano akuti iwo sanathamangitse munthu, ankangofunsa. Yotamu watumiza mawu akuti iye ankadziwa kale. Palibe amene wapepesa. Lole ya Lameki ndinakumana nayo dzulo pamsika, itadzaza ana a kwaya.

NyaMoyo sakupita. Madzulo a tsiku lachinayi lija tinakhala awiri pamphasa tikutonola chimanga chanu, ndipo ndinkadikira, mwina, kuti anene yewo, zikomo wa m'Chitumbuka. Iye anandifunsa osakweza mutu kuti, "Mlamu, tsiku lija pamsewu, munaona?" Ndinati ndinaona. Anagwedeza mutu n'kutenga chimanga china. Tinatonola mpaka dengu linadzaza.

Mundikhululukire, Amayi. Lameki anabwereka pakamwa panu kuti abise ulesi wake, ndipo ine ndinapabwereka kuti ndikonze mantha anga. Tonse awiri tinakulankhulitsani mutagona. Inu mukanakhala moyo mukanatsika m'lole muja n'kuyenda pansi ndi mpongozi wanu mpaka kumudzi.

Ndikukulonjezani kuti sindidzakuikaninso mawu m'kamwa. Chimene ndaona ndidzachinena ndekha, nthawi yomweyo, ngakhale pakhale pamaliro. Sukulu ikatsekera ndikakhala kumudzi mwezi wonse. NyaMoyo sanandiitane, ndipo sindikudziwa ngati adzandiyang'anenso monga kale, koma ndipita.

Ndimakusowani tsiku lililonse, ndipo ndimakukondani.

Ndine mwana wanu,
Tiwonge