Za Chala cha Lena Goma

KOMITI YA MAKOLO, SUKULU YA TEMBWE

Tsiku: Loweruka, 14 Juni 1958
Malo: Chipinda cha Sitandade 2
Opezekapo: Bambo Hosea Zgambo (wapampando), Bambo Adam Goma, Mayi Salome Ng'uni, Bambo Abraham Mtonga (mlembi)
Mlendo: Donald Ng'uni, mwana wa Mayi Salome
Osapezeka: Bambo Friday Chilembo, njovu zawalowera m'mapira

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula ndi pemphero. Anati Donald, yemwe anaphunzira kuwerenga m'chipinda chomwechi, wamaliza mayeso a sayansi ku koleji ya ku Uganda, ndipo komiti ikufuna kumva zomwe wakhala akuchita. Mlembi, amene anamuphunzitsa, akuvomereza kuti mtima unadzaza pomuona atavala tayi.

2. Za maphunziro a Donald

Donald anati popita anakwera lole, kenako sitima yapamadzi pa nyanja ya Tanganyika, momwe anasanza ulendo wonse mpaka amalinyero anamupatsa ndowa yakeyake. Anati ntchito yake yaikulu inali kufufuza za kashembe, ntchentche yobweretsa kaodzera. Ankayenda m'thengo kumbuyo kwa nsalu yakuda n'kumagwira zomwe zaterapo.

Wapampando anafunsa ngati tinamutumiza kutali konseko kukagwira kashembe, pamene kuno akutiluma mwaulere. Msonkhano unaima kaye chifukwa cha kuseka.

Donald anati iye ndi anzake ankayendanso m'midzi kuphunzitsa za matendawa ndi kuyeza magazi. Anaonetsa chipangizo chokulitsa tinthu tosaoneka ndi maso, chomwe wabwereka kwa mphunzitsi wake.

3. Pempho loyeza ana

Donald anapempha kuti ayeze ana asukulu, kuyambira Lena, mwana wa Bambo Goma. Mlembi anatsimikiza kuti Lena wakhala akusinza m'kalasi, wawonda, ndipo Lachinayi anagona ali ndi mbatata m'kamwa.

Bambo Goma, omwe ndi malume a Donald, anakana. Anati ndi malungo chabe, ndipo aliyense akudziwa za banyama, anthu otenga magazi a anzawo n'kukagulitsa kwa azungu. Anati: "Iwe Donald, bokosi lako ndinasenza ndine mpaka pa lole. Manje wabwera ndi singano kwa mwana wanga?"

Donald anati: "Asibweni, kadontho kamodzi chabe. Mukafuna, kagalasi kopakapo magaziwo mupite nako kunyumba."

Mayi Salome anauza mlongo wawo kuti Donald anabala okha, ndipo akanakhala mmodzi wa banyama akanayamba iwo kudziwa. Wapampando anawapempha kuti azilankhula kudzera kumpando. Sanamvere.

Kenako Bambo Goma anati saopa Donald, koma akuopa kuti akaona kanthu, Lena adzatengedwa kupita kuchipatala ku Lundazi, komwe mkazi wawo anapita osabwerako. Mlembi akulemba kuti tonse tinawamvera chisoni.

Wapampando anagamula kuti komiti iyambe yokha kubayidwa. Anapereka chala chawo, Mayi Salome chawo. Mlembi anaperekanso, ndipo zomwe zinachitika pambuyo pake walemba mochita kuuzidwa, popeza anatsitsimukira pansi akumukupiza ndi chipewa. M'magazi a atatuwa simunapezeke kanthu.

Bambo Goma anapita okha kukatenga Lena, anabwera atamubereka. Anamugwira dzanja pomubaya. Donald anaika kagalasi m'chipangizo chija pazenera pali dzuwa, anayang'ana, ndipo sanadzutse mutu msanga. Anaitana malume ake kuti aone okha.

Bambo Goma anati akuona tinthu ngati timatemba tikuvinavina. Anafunsa ngati m'magazi a wapampando munali timeneti. Donald anati ayi. Anawonjeza kuti matendawa sanafike patali, ndipo mankhwala alipo ngati mwana afika msanga.

Chigamulo: Lena anyamuke mawa m'mamawa pa machila. Donald apite naye ndi kukalankhula yekha ndi adotolo. Ana ena ayezedwe iye akabwerako. Onse anavomereza.

4. Zina ndi zina

Mayi Salome anati mbuzi yomwe anasungira phwando la Donald iphedwe lero, nyama iwambidwe kuti ikhale kamba wa onyamula machila. Donald anati ndi bwino, phwando silithawa.

Wapampando anadzipereka kunyamula nawo. Komiti inawakumbutsa za msana wawo, ndipo anavomera kunyamula chipanda cha madzi.

5. Msonkhano wotsatira

Wapampando anatchula Loweruka loyamba la Julaye. Bambo Goma anapempha kuti tsiku lisalembedwe, popeza iwo sachoka kuchipatala opanda mwana. Anati: "Lembani kuti tidzakumana Lena akabwera." Mlembi walemba momwemo.

Msonkhano unatsekedwa dzuwa litapendeka, ndi pemphero la Bambo Goma, lomwe sanathe kulimaliza. Analimaliza Mayi Salome.

Hosea Zgambo, Wapampando
Abraham Mtonga, Mlembi