Zilembo Zosowa pa Lamya

Bangalore
18 Seputembala 1994

Okondedwa achimwene Raghavendra,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Kaya mawondo a amayi akuti bwanji ndi chinyezi cha kumeneko? Ine kuno ndili bwino ndithu.

Munandifunsa kuti ntchito yangayi ndi yotani kwenikweni. Kampani yathu inagulitsa makompyuta onyamula m'manja makumi anayi kwa anthu oyenda m'matauni kutsatsa mankhwala. Aliyense amalumikiza kompyuta yake ku lamya kudzera m'kabokosi kotchedwa modemu, n'kulandira mndandanda wa katundu amene ali kulikulu. Koma zilembo zina zinkasowa panjira. Wina anawerenga kuti mabotolo atsala 15, chonsecho analipo 150, mpaka anabweza wogula. Eni mankhwalawo anaopseza kuti atibwezera makina onse.

Tikayesa mu ofesi, zonse zinkafika bwinobwino. A Nagabhushan, anzanga a pantchito amene akhala pano zaka khumi, ankangoti nthambo za lamya zanyowa ndi mvula.

Lachitatu masana magetsi anathima ndili mkati moyesa, ndipo pompo zilembo zinayamba kusowa. Kumbuyo kwa kompyuta kuli khomo la timano tisanu ndi tinayi lolumikizapo modemu. Zilembo zimalowa apo motsogozana, ndipo kachipangizo ka m'katimo kamagwira chimodzi chokha. Kompyuta ikakhala pa batire imachita ulesi posunga moto, ndiye isanatole chilembo choyamba, chachiwiri chafika kale n'kuchifafaniza. Ife tinkayesa titalumikiza kukhoma nthawi zonse, pamene anzathuwo amagwirira m'timashopu toimbira lamya, momwe mwini salola munthu kukhudza soketi yamagetsi.

Ndinatsitsa liwiro la modemu mpaka pa mlingo wotsika wa 9,600, ndipo palibe chinasowanso. A Nagabhushan anaseka, ati ine mtsikana wa ku Kundapura ndagula hatchi kuti iziyenda ngati ng'ombe ya pangolo. Ndinawayankha mwaulemu kuti kuthamanga si kufika. Madzulo ake anandigulira khofi, nandipempha ndiwaonetsenso.

Abwana ati ogulitsa asanu ayese njira yangayi mpaka kutha kwa Okutobala. Ikayenda bwino, andilemba ntchito yokhazikika.

Pempho langa ndi ili, achimwene. Abambo anati ngati sindinalembedwe pofika chikondwerero cha Dasara, ndibwerere kwathu, banja la ku Udupi lija lidzandione pa nkhani ya ukwati. Dasara ifika kuyesaku kusanathe. Chonde anyengerereni andidikire mpaka chikondwerero cha Deepavali, ndi masabata atatu okha owonjezera. Inu amakumverani, makamaka akangomaliza mapemphero a m'mawa. Muwauze kuti sindikukana mawu awo.

Mundiperekere moni kwa abambo ndi amayi, kwa alamu anga, ndi kwa azakhali a ku Kota. Yankho mundilembere msanga, ngakhale likhale lotani. Chikwama chapaulendo sindinachitsitsebe pamwamba pa kabati.

Ine mlongo wanu,
Shambhavi