Nyanja ya Ba Tate

Lolemba, 2 Juni

Ba tate anenanso lero. Ndimawapukuta pakamwa, anandigwira ndi dzanja lamanzere lija likali ndi mphamvu, nkuti, "Nyanja... ndaona." Chiwagwireni sitiroko mu Epulo, mawu omveka ndi awiri omwewo. Ena onse amathera m'malovu.

Ine ndamva. Munthu anayendetsa matanka a mafuta kupita ku Dar es Salaam zaka makumi awiri, tili ana nkhani yake inali ya madzi opanda tsidya lina. Akufuna akaione komaliza, nanga n'chiyaninso? Ndaimbira Dalton, mlongo wanga wamkulu. Wati ndapenga. Ndamuuza kuti misala ndi ya pamtundu, angobweretsa motoka.

Lachitatu, 4 Juni

Dalton wavomera, ngakhale monyinyirika. Kuntchito amupatsa masiku khumi kuyambira pa 14. Tikaphonya pamenepo basi, mpaka chaka chamawa.

Ndasiya mayunifomu a anthu pamakina osokera, ndajambula ulendo kuseri kwa kalendala. Kuchoka muno mu Mtendere, mu Lusaka, m'mamawa, kugona ku Mpika. Tsiku lachiwiri kudutsa boda ya Nakonde, kugona ku Mbeya. Tsiku lachitatu Iringa. Kenako Dar, Bagamoyo, ndiye pang'onopang'ono ndi gombe mpaka Pangani, iwo atakhala mbali ya windo yoyang'ana kumadzi. Paliponse pogona ndikufunsa chimodzi chabe, ngati pali chipinda chopanda masitepe.

Nesi wa ku kiliniki sanakondwe. Wati BP yawo ikali pamwamba, ndipo sitiroko yachiwiri sinena odi. Akapanda kudya bwino, tisayerekeze n'komwe.

Lachinayi, 5 Juni

Ndawaonetsa zithunzi pafoni, mchenga woyera, migwalangwa, maboti. Ndimati asangalala. Anaikankha foni mpaka inagwera pafupi ndi mbaula, galasi lang'aluka pakona. Kenako anatembenukira kukhoma.

Phala akana. Madzulo akananso.

Loweruka, 7 Juni

Takangana ndi Dalton pakhonde. Akuti mutu wa ba tate unasokonekera, ine ndikumanga ulendo wonse pa mawu a munthu wosadziwa kuti lero ndi lachingati. Ndamufunsa kuti amawasambitsa ndani, iye kapena ine? Ba Mwaba a nyumba yoyandikana nafe, amene makutu awo salephera kudumpha mpanda, aponyapo kuti tidzavutika ndi mtembo pa boda. Pakamwa pawo!

Koma mantha ndili nawo, ndisaname. Ndikatchula Dar, ba tate amatseka maso. Ndikachoka amayambanso, nyanja, ndaona, nyanja, ndaona, mpaka mawu kusasa. Mwina akuganiza kuti tikuwanamiza ngati mwana, sitidzapita.

Sondo, 8 Juni

Tiyi theka la kapu. Tsiku lachinayi osadya.

Lolemba, 9 Juni

Pasipoti yawo inatha kalekale, ine osaganizako. Ndafwanthula sutukesi yawo yachitsulo kufuna reji, chitupa chawo cha boma, ndaipeza m'kapulasitiki komanga ndi mphira. Ndangoiponya m'chikwama. Lamba wawo ndaboola chibowo china, thalauza likugwa.

Lachiwiri, 10 Juni



Ndinapita ku ofesi ya mapasipoti kukafunsa ngati wodwala wosayenda angathandizidwe msanga. Mayi wa pa windo anamasula kapulasitiki kaja, nkuwerenga reji mokweza monga amachitira. Yotamu Daka, mudzi Kasusu. Atafika pa dzina la mfumu anamwetulira.

"Mfumu Nyanje. Ah, aba ni bakwathu."

Ndinawafunsa kuti mwati chani? Anabwereza, Nyanje, kupitirira Petauke, upatukira pa Sinda. Anadabwa kuti mwana wa munthu wa ku Nyanje sadziwa Nyanje. Pondibwezera reji panagwa kachithunzi kamene kanamatirira kuseri. Mzimayi wa mphumi ngati ya ba tate, atavala duku. Kumbuyo kwake, ndi bolopeni: Ndaona Daka, 1989.

Ndinakhala pansi pomwepo, pa simenti, anthu a pamzere akundilambalala.

Ife tinabadwira muno mu Lusaka. Malemu ba mayo anali a ku Kasama, tchuthi chonse tinkapita kumeneko. Za kwa ba tate tinkangodziwa kuti "ku Petauke", ukafunsa zambiri ankakutuma kukagula makala. Ndamuimbira Dalton ndili m'minibasi. Anati akukumbukira. Mu 1994 amayi awo a ba tate anamwalira iwo ali ku Dar, kudikira katundu padoko. Anamva patatha mwezi. Kunabwera kalata yochokera kwa mlongo wawo, anaiwerenga kamodzi nkuiika pambaula. Dzina la mlongoyo, ba Ndaona, silinatchulidwenso m'nyumba mwathu.

Ndiye ine masiku onsewa ndakhala ndikuwakankhira kumaso madzi omwewo amene anawaphonyetsa maliro a mayi awo. Judith iwe, nzeru zako!

Nditafika kunyumba ndinagwada pafupi ndi bedi. Ndinati, "Ba tate, ni Nyanje. Kwa ba Ndaona." Analira ndi diso limodzi, linalo silitseka bwino. Dzanja langa analifinya mpaka kuwawa.

Phala sanadyebe. Amangoyang'ana chithunzi, nkuyang'ana ine. Funso ndalimva, yankho ndilibe. Kaya ba Ndaona ali moyo.

Lachitatu, 11 Juni

Kalendala ija ndayatsira mbaula. Dalton wakhala tsiku lonse ku siteshoni ya mabasi akum'mawa, kufunsa kondakitala aliyense za mudzi wa Kasusu. Wabwera ndi fumbi mpaka m'nsidze, sanandinene kanthu za Pangani. Ndikanakonda akanandinyoza.

Lachinayi, 12 Juni

Wapeza nambala ya mphunzitsi wa sukulu ya kufupi ndi mudziwo. Taimba kasanu ndi kawiri, siikulowa. Nesi wabwera, wati zikapitirira chonchi mpaka Loweruka awagoneka kuchipatala ndi chubu cha m'mphuno. Akagonekedwa, ulendo watha, wa kulikonse.

Tagwirizana ndi Dalton kuti tikamva zoipa tiwauze zoona. Titangogwirizana ndinayamba kuganiza bodza loti ndidzanene.

Lachisanu, 13 Juni

Yalowa cha m'ma 10. Mphunzitsi wati dikirani, nditchove njinga. Tinadikira ola lathunthu, foni ili patebulo, ine mbale ya phala m'manja ikuzizira. Ba Mwaba analowa osaodira, nkukhala nafe kudikira.

Itaitana, Dalton anaiika pokweza mawu nkuibweretsa pa pilo. Kunamveka mphepo, mbuzi, kenako mawu a mayi wokalamba, akuthwa ngati lumo. Anafunsa kuti ndine yani. Ndinati ndine Judith, mwana wa ba Yotamu, akudwala, salankhula bwino.

"Salankhula? Zili bwino, amve chabe. Yotamu! Zaka makumi atatu ndakusungira mawu, usayerekeze kufa ndisanakukalipire. Mubwere naye mawa, mwamva ana inu?"

Ba tate anatulutsa kaphokoso kamene sindinakamvepo chiyambire Epulo. Ndinaopa kuti atsamwa. Kunali kuseka, ndi theka la pakamwa.

Dalton watuluka kukapopa matayala. Akuti tikanyamuka 5 koloko, masana tili pa Sinda, palibe kogona panjira.

Ine ndinanyamuka kuti ndikatenthetse phala. Ba tate anandikoka chitenje, nkuyasamula pakamwa. Adya lozizira lomwelo.