Botolo Lachiwiri

Mwana wanga Esinati,

Ndikhulupirira uli bwino kutaliko pamodzi ndi amuna ako. Kuno kwa Lundu tilipo, kungoti mwendo uja ukuvutabe.

Mabotolo atatu a mowa wa tekila unatumiza aja anafika. Loweruka tinakhala pakhonde ndi amalume ako kuti tisankhe loti tikathire pamanda a mayi ako tsiku la bona. Onse ndi oyera ngati madzi. Amalume ako atamva kuti mowawu amaupanga ndi chomera chonga khonje anafuula kuti, "Alamu, lero tikumwa zingwe!"

Botolo loyamba linali lowotcha pakhosi. Lachitatu linali lotsekemera pang'ono ngati nzimbe. Koma lachiwiri, mwanawe, nditangolinunkhiza ndinalizindikira. Fungo lake ndi la kachasu wa masau, wa mutu, woyamba kudontha uja, umene ankatcheza mayi ako. Ndinaika kapu pansi. Amalume ako analawa, kenako anavula chipewa.

Anthu akutali chonchi analidziwa bwanji dzanja la mayi ako? Chimwalirireni sindinalirepo pamaso pa munthu, koma tsikulo ndinalira.

Tasankha lachiwirilo. Usatumizenso lina, koma udzabwere wekha ku bona. Mulungu akusunge.

Ndine bambo ako.